Wapamwamba ndi Wam'dzenje

Achimwene anga, a Alufeyo, anacheka mkungudza m'phiri la Mulanje zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo zaka zonsezo iwo ndiwo anali wapamwamba. Amene sanaone macheka a pamanja sangamve zimenezi. Chipika amachigoneka pamwamba pa dzenje. Munthu mmodzi amaima pa chipikacho kutsata mzere wa makala, mnzake amakhala m'dzenje kukoka macheka, utuchi ukumugwera m'maso. Wapamwamba ndiye mwini ntchito. Wam'dzenje salankhula.

Mitengo itachepa m'phiri, achimwene ananditsatira kuno ku Joni mu 2003, nkudzakhala m'kachipinda kanga ka lendi ku Olievenhoutbosch. Miyezi isanu inatha ali chikhalire. Anayesako ntchito ya gadeni ku Faerie Glen, koma tsiku lachitatu anasadza maluwa a adona poyesa ndi tchire, ntchito nkuthera pomwepo. Kenako anandiuza kuti ikafika Pasaka alibe chochita, akwera basi kubwerera kwa alamu anga ndi ana anayi, ndi chikwama chomwe anabwera nacho. Ndimawadziwa. Akanapitadi, ndipo kumudzi akanafika ngati munthu wakufa.

Kutatsala masabata awiri kuti Pasaka ifike, Abambo Yesaya a kutchalitchi kwathu ananena kuti akufuna munthu wocheka. Abambo Yesaya anabadwira konkuno. Bambo awo anachoka ku Ntcheu kalekale kudzagwira m'migodi, ndiye Chichewa chawo nchazigamba. Ali ndi shedi ya malata momwe amakhomeramo mabenchi a m'matchalitchi ndi mipando ya miyendo yokhota.

"Abwere Loweruka m'mawa," anatero. "Ndimpatsa matabwa awiri. Akacheka mwendo umodzi wokha wolongosoka, ntchito ndi yake."

Ine ndinawaperekeza kuti ndizikawamasulira. Ndi zimene tonse tinkaganiza.

Panali chinthu chimene achimwene sankachidziwa, chifukwa sanandifunsepo. Ankadziwa kuti ndimachapa ndi kusita ku Menlo Park kuyambira 1998. Sankadziwa kuti mwini nyumbayo, nkhalamba imene tonse tinkaitchula Oupa, inali ndi makina ochekera m'galaja, aja a lamba wachitsulo wokhala ndi mano, amene amazungulira pa mawilo awiri, lina pamwamba lina pansi. Manja a Oupa anayamba kunjenjemera, mpaka sipanala inkawagwa. Ndiye Lachinayi lililonse ndikatha kusita ankaima pakhomo la kukhitchini nkunena kuti, "Vailet, ndibwereke manja ako." Zaka zinayi ndinali manja awo. Iwo ankanena, ine ndinkapotoza. Atamwalira, adona a panyumbapo anagulitsa makinawo, ine nkubwerera ku ayironi.

Titalowa m'shedi ya Abambo Yesaya, maso anga anathamangira pa makina asanaone anthu. Anali obiriwira, aatali ngati munthu, akale kuposa aja a Oupa. Chishango chimene chimaphimba lamba anachikweza mpaka kumwamba nkuchimanga ndi waya, moti lamba anali pambalambanda kutalika ngati dzanja langa lonse. Kenako ndinaona dzanja la Thabo, bambo wa imvi amene ankapala matabwa pakona. Zala ziwiri zinalibepo.

Thabo anandiona ndikuyang'ana, anatukula dzanjalo ngati akupereka moni. "Usaope sisi," anatero m'chilankhulo chosakaniza cha kuno. "Galu ameneyu amadya nyama Lachisanu lokha. Lero ndi Loweruka."

Ndinawamasulira achimwene. Sanaseke. Anavula jekete, kulipinda, nkulandira thabwa loyamba. Panali pojambulidwa kale ndi pensulo, mwendo wa mpando wokhota ngati chikwakwa.

Abambo Yesaya anayatsa makina. Ndinamva pomwepo kuti lamba ndi wolefuka, chifukwa ankagwedezeka ndi kulira ngati lata pa mphepo. Achimwene anaika thabwa nkukankha ndi chifuwa chonse, monga anazolowera, poti kuphiri thabwa silichekeka popanda thukuta. Lamba analowa bwino pang'ono, kenako anayamba kuthawa mzere kupita kumanja. Iwo anapotoza thabwa kuti amubweze. Lamba anakuwa, fungo la kupserera linadzaza shedi. Mwendo unatuluka wonenepa pamwamba, wowonda pansi, m'mbali mwake muli bii.

"Eish," anatero Abambo Yesaya. "Latsala limodzi, Baba."

Achimwene anapukuta manja pa thalauza natenga lachiwiri. Ulendo uno anaweramira pafupi kuti auone bwino mzere, chala chawo chachikulu chili pa mzere penipeni, kutsogolo kwa mano. Kuphiri ankatero, poti macheka a pamanja amaima mwini wake akaima. Lamba anathawanso. Thabwa linakanirira. Ndinaona mapewa awo akukonzekera kulikoka chambuyo makina akuyenda, ndipo ndinkadziwa chimene chimatsatira: lamba amavuka pa wilo, ndipo safunsa kuti dzanja ndi la yani.

Ndinazula pulagi kukhoma.

Makina anazungulirabe pang'ono, nkukhala chete. Amuna atatu anandiyang'ana.

"Vailet, wachita chiyani?"

"Ndazimitsa, achimwene."

"Wakutuma ndani?"

"Chala chanu."

Kwathu mlongo wamng'ono sayankha choncho, makamaka pamaso pa amuna ena. Anasiya thabwa lili chikanirire, anatola jekete, nakaima pakhomo kuyang'ana kunja, kumene kunalibe choyang'ana kupatula mpanda ndi thayala lakale.

Ndinatembenukira kwa Abambo Yesaya. "Abambo, thabwa ili silinaonongeke, lamba wathawira kunja kwa mzere. Koma makinawa sangacheke mowongoka ngakhale mutaitana mngelo. Ndibwerekeni sipanala, sikweya yoyezera ngodya ndi nyuzipepala."

"Nyuzipepala? Ukufuna kuwawerengera nkhani?" anatero Thabo. Koma anabweretsa zonse.

Ndinachotsa thabwa mosamala, nkutsegula zitseko za mawilo. Utuchi unali utaundana ngati chiswe chamanga, ndinaukokota ndi kamtengo. Ndinakankha lamba ndi chala chammbali, anapita kutali ngati chingwe choyanikira zovala. Ayenera kungosuntha pang'ono, ngati kunenepa kwa pensulo. Ndinazungulitsa wilo lapamwamba ndi dzanja, ndinaona lamba akuyenda m'mphepete mwa wilo, pafupi kugwa. Kenako ndinayang'ana tizitsulo tiwiri timene timagwira lamba uku ndi uku kuti asapotoke. Kamodzi kanali kutali, kosagwira kanthu. Kanzake kanali katatsogola kwambiri, kakukhuza mano enieniwo.

Ndikugwira ntchitoyo ndinkaganiza. Ndikanatha kumanga zonse, kuyatsa, nkucheka mwendowo ndekha. Ndinachekapo yambiri kwa Oupa. Abambo Yesaya akanaomba m'manja, Thabo akanapeza nthabwala ina, ndipo achimwene akanakwera basi isanafike nkomwe Pasaka. Komanso panali chinthu chimene sindinkachidziwadi. Lamba akayamba kuthawa, Oupa ankangomutaya nkuika wina. Sanandiuzepo chimene chimachitika ndi mano.

"Achimwene," ndinatero osatembenuka. "Mano awa sindikuwamvetsa."

Anayang'anabe mpanda uja.

"Zitsulo ndikuzidziwa, koma mano ayi. Tadzaonani."

Thabo anasiya kupala. Kenako ndinamva nsapato za achimwene pa simenti. Anayamba ayang'ana pulagi, anaona kuti ili pansi. Anawerama, nayendetsa chikhadabo pa mano, mbali iyi, kenako mbali inayo, ine ndikuzungulitsa wilo pang'onopang'ono.

"Mano a macheka amatagada," anatero, akulankhula kwa lamba, osati kwa ine. "Lina kumanzere, lina kumanja. Apa a kumanzere onse agona, ndi obuntha. Akudya ndi a kumanja okha. Macheka otere amathawira kumene kuli mano akuthwa. Ungakankhe mpaka kuthyoka msana, sabwera pa mzere."

Ndinawaonetsa kachitsulo kaja. "Akuwadya ndi aka."

Anayang'ana, nagwedeza mutu kamodzi.

Abambo Yesaya anakanda m'mutu. Anati lamba aliyense watsopano ankangotha sabata imodzi nkuyamba misala yomweyo, mpaka anatopa kugula. Anali naye mmodzi wotsala, wopyapyala, ali chikulungire pa msomali. Anamutsitsa monyinyirika ngati akupereka mwana wamkazi.

Tinamuveka pa mawilo tonse awiri, ine ndi achimwene, mano kuloza pansi.

"Amadya potsika," anatero achimwene. "Ngati athu."

Ndinamanga mpaka lamba anauma bwino. Ndinazungulitsa wilo ndi dzanja limodzi, linalo likupotoza kachitsulo ka kuseri pang'onopang'ono, mpaka lamba anakhazikika pakati pa wilo osasunthanso. Ndinabweza tizitsulo ta m'mbali kuti tikhale kuseri kwa mano. Kenako ndinang'amba kapepala ka nyuzipepala, kukapinda, kukalowetsa pakati pa lamba ndi kachitsulo, kukankhira kachitsuloko mpaka kakhudze pepala, kumanga, nkusolola pepalalo. Mbali inayo chimodzimodzi. Kawilo kakang'ono kamene kamakhala kumsana kwa lamba ndinakasiyira mpata wokulirapo pang'ono, wa pepala lopinda kawiri, kuti kazizungulira pokhapokha thabwa likamakankha. Ndinagwada nkuchitanso zomwezo kunsi kwa tebulo, kumene ndikukhulupirira kuti palibe anasuzumirako chigulire makinawo. Sikweya inaonetsa kuti tebulo linali litapendekeka. Ndinaliwongola.

Pomaliza ndinamasula waya uja, nkutsitsa chishango mpaka chinatsala pang'ono kukhudza thabwa, mpata wongokwana pensulo yogona.

"Tsopano mzere ndiuona bwanji?" anafunsa achimwene.

"Muziuona kutsogolo, pamene mano asanafike. Lamba safuna kuyang'anidwa. Manja akhale uku ndi uku, pa mzere pasakhale chala. Mukafika kumapeto mukankhire ndi kamtengo aka. Likakanirira, zimitsani, dikirani aime, ndiye mukoke."

"Wamaliza?"

"Chatsala chimodzi. Musakankhe ndi mphamvu. Kuno wam'dzenje ndi magetsi, satopa. Inu mungomuonetsa njira."

Thabo sanamve Chichewacho, koma anaona nkhope ya achimwene, nati, "Mverani abusa, Baba. Ine ndinajomba tsiku la ulaliki umenewu."

Ndinatseka zitseko, kubwezera pulagi, nkuima pambali. Makina analira mosiyana, phokoso limodzi losalala. Achimwene anayambira mbali ina ya thabwa. Poyamba mapewa awo anafuna kukankha, ndinawaona akudziletsa. Kenako thabwa linayamba kuyenda lokha m'manja mwawo. Apa ndiye ndinaona chimene ine ndilibe. Ine ndikamacheka ndimasiya mzere wa pensulo kuti ndidzapale pambuyo. Iwo anaudula pakati mzerewo, theka kutsala pa mwendo, theka kupita ndi utuchi, kuyambira pamwamba, kuzungulira pokhota ponse, mpaka pansi. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za pamwamba pa chipika sizinapite pachabe.

Anazimitsa okha, nadikira lamba aime asanatole mwendowo.

Abambo Yesaya anaugoneka pa chitsanzo chawo, anayendetsa chala m'mbali, anautembenuza, anayendetsanso.

"Lolemba, seveni koloko," anatero. Kenako anayang'ana ine. "Nanga iwe, ngwanaka, mwana wanga? Kusitako amakupatsa chiyani chimene ine sindingakupatse?"

"Wocheka mwampeza, abambo. Ine ntchito ndili nayo. Waya uyo mutaye, asadzabwererenso pa chishango."

Sindinganame kuti funso lawolo silinandikhale m'mutu. Linakhala, ndipo masiku ena ndikaimirira pa ayironi limabweranso. Koma shedi ija inali ndi malo a munthu mmodzi.

Pobwerera achimwene anali patsogolo, ine pambuyo, monga timayendera kwathu. Tinadutsa pa mpopi, tinadutsa amayi ogulitsa mapazi a nkhuku. Sindinayembekeze zikomo, ndipo sanandipatse. Titafika pa geti la nyumba ya lendi anaima, dzanja lili pa loko.

"Pepala lija," anatero. "Umapinda kangati?"

"Kamodzi m'mbali. Kawiri kumsana."

"Ndi kunsi komwe?"

"Ndi kunsi komwe. Koma muyambe mwazula pulagi."

Anapisa m'thumba la shati. Anali atatola kapepala kanga kaja pansi m'shedi, sindikudziwa nthawi yanji. Anakayang'ana, anakabwezera m'thumba, natsegula geti.

"Ukasambe m'mutu," anatero. "Wadzaza utuchi."