Mipando Yobwereka

Makina osokera anali akulira pakhonde la sitolo pamene Pulofesa anafika ndi chikwama chodzaza mapepala. Dzinali anamupatsa ndi achimwene ake, atelala, tsiku lomwe anasankhidwa kupita ku koleji.

"A Pulofesa mwabwera kudzatiyeza umphawi?" anatero atelala osadzutsa mutu. "Tepi ndi iyo, yambirani m'chiuno."

Mtsikanayo anaseka n'kukhala pa mulu wa nsalu. Kafukufuku wake wa chaka chomaliza anali wa momwe komiti ya koleji imasankhira ophunzira oti iwalipirire fizi. Komitiyo inkatuma munthu kukaona pakhomo pa wopempha aliyense. Mathero anali atalemba kale: njirayi ndi yachilungamo, chifukwa maso sanama. Naye ankaphunzira ndi thandizo lomwelo, ndipo wodzachonga ntchitoyo anali wapampando wa komitiyo. Linangotsala pepala limodzi la mafunso.

"Ingondiyankhani achimwene, nambala ikwane. Funso loyamba: munapemphapo thandizo la fizi? Ndilembe ayi, eti? Paja inu mayeso anakukanani."

Phazi la atelala linaima pa chopondera.

"Lemba inde."

Pulofesa anadikira kuti atelala aseke. Sanaseke.

"Mayeso ndinakhoza, iwe ukadali wamamina. Kalata inabwera yoti Lachinayi kubwera bwana kudzaona pakhomo. Bambo anati, 'Mlendo wa kukoleji akhale pa chidebe? Pakhomo panga ayi.' Anazungulira maneba onse. Sofa kwa aphunzitsi, wailesi kwa akalipentala, makatani, nsalu ya patebulo, ngakhale makapu. Sofayo ndinasenza ndekha pamutu, ndikuimba mluzu."

"Ndiyeno?"

"Bwana anamwa tiyi wamkaka, anasisita mpando, anayamikira kuti pakhomo ndi pabwino. Bambo anamuperekeza mpaka kumsewu akumwetulira ngati mkwati. Patatha milungu iwiri yankho linabwera: banjali likhoza kudzilipirira."

"Osakadandaula bwanji?"

"Bambo amene aja akaime pamaso pa anthu ovala mataye, n'kunena kuti mipando inali yobwereka? Anaona kuti kuli bwino anthu azinena kuti mwana wawo ndi mbuli. Ine ndinavomera. Mpaka kumanda sanandiyang'anenso m'maso." Atelala analuma ulusi n'kuulavula. "Amati mlendo ndi mame. Mame amenewo andinyowetsa moyo wonse."

Pulofesa anakumbukira tsiku lake, pamene bwana wina anabwera kudzaona pakhomo pawo. M'nyumba munali mbee. Achimwene ake, munthu wosokera anthu masuti, anavala malaya ong'ambika m'khwapa, n'kumukhazika mlendoyo pa chidebe. Iye analira ndi manyazi kuseri kwa chitseko, ndipo sabata yonse sanawalankhule. Anawanena kuti ndi munthu wosaphunzira, wosadziwa kulandira alendo.

"Nanga makinawa tsiku lija anali kuti?" anafunsa.

"Anakagona kwa akalipentala. Otibwereka wailesi omwe aja."

Pamsewu panadutsa lole, fumbi n'kutera pa mapepala. Mtsikanayo anatulutsa tsamba la mathero, naliyang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako anatola sizasi ya achimwene ake n'kulidula pakati, pomwe panalembedwa kuti maso sanama.

"Iwe, sizasi yanga si ya mapepala! Komanso ganiza bwino. Ukalemba zimenezi, wapampando wakoyo sadzafunsa kuti makina anali kuti?"

"Akafunsa ndidzamuuza."

"Ndiye ndinavaliranji sanza?"

Pulofesa anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, nawongola pepala la mafunso pabondo pake.

"Funso lachiwiri, achimwene. Mukanapita, mukanaphunzira chiyani?"

Atelala anakoka buluku la mwini wake, naliika pansi pa singano.

"Udokotala," anatero. "Koma usadandaule, a Pulofesa. Kusoka n'kusoka basi."

Makina anayambanso kulira, ndipo mtsikanayo analemba mawu oyamba okhawo.