Mchira wa pa Dzina la Che Nasir

A Ramadhani anafika pa shopu yosindikizira ya Ester ku Senga Bay dzuwa litakwera kale, fulashi ya kompyuta ili m'thumba la mkanjo. M'menemo munali mbiri ya malemu bambo awo, Che Nasir, msodzi wa ku Mbenji, imene anailemba kwa milungu itatu pa kompyuta yobwereka. Inayenera kuwerengedwa masana omwewo pa sadaka ya masiku makumi anayi, ndipo abale a kutali anali atakhala kale pamikeka.

Ester anadina fayilo ya dzina loti Che Nasir. Inakana kutseguka.

"Bambo, mchira wake uli kuti?"

"Mchira wanji?"

"Tizilembo ta kumapeto kwa dzina, totsatira kadontho."

"Ndinatichotsa," anatero a Ramadhani mosatekeseka. "Munthu woti asodzi onse ankamuvulira chipewa, dzina lake lithere ndi tizilembo topanda mutu? Iyayi, mwana wanga."

"Kompyuta sinakuchenjezeni?"

"Inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndipo ndinali nditatsimikizadi."

Ester anausa moyo. Anawafotokozera kuti tizilemboto n'timene timaiuza kompyuta mtundu wa chinthucho. Popanda ito, imangoyang'ana ngati mlendo pa dengu lovundikira. Analemba .docx kumapeto, kompyuta inati fayilo ndi yowonongeka. Anayesa .pdf, yankho lomwelo. Apo foni ya a Ramadhani inalira. Anali a Kulusumu, mlongo wawo: shehe afika, anthu akudikira, kodi achimwene mwatsakamira kuti?

"Munalembera pa pulogalamu yanji?" anafunsa Ester.

"Yolembera."

"Zolembera n'zambiri, bambo!"

"Nanga amene anapita kusukulu ya zimenezi ndine?"

Thukuta linawayenderera m'khosi. Zaka za bambo awo, mayina a ngalawa zawo, tsiku limene anapulumuka ku mphepo ya mwera; zonsezi pamtima sakanazikumbuka mwadongosolo.

Ester anayesa .odt. Masamba anayi anatambasuka onse, osasowa ndi liwu limodzi lomwe. Mtima wa a Ramadhani unakhala pansi, koma atasuzumira dzina la fayilo nkhope inagwanso.

"Ndiye mwawaikanso mchira?"

"Mukauchotsanso musadzabwere kuno."

Makina anatulutsa mapepala otentha. Mkuluyo anawasanthula limodzi limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, kufunafuna tizilembo tija. Sanatipeze. Anawapinda bwinobwino, natuluka akukodola wakabaza, pakamwa pakung'ung'udzabe.