Babu Lopanda Mlandu

"Ababa, inu mumayeza mababu a anthu, nanga maso anuwo amayeza ndani?"

Funso limeneli anafunsa kalekale mwana wamkazi wa Wamagetsi, mmisiri wa magetsi a galimoto, chibwano chake chikungofika pa tebulo la mu shopu. Wamagetsi anangoseka tsiku limenelo, n'kumuuza kuti achoke pafupi ndi mawaya. Mwanayo anakula, anakhala namwino pa chipatala cha kutsidya kwa mlatho, funso lake n'kuiwalika. Linadzabwerera masana ena, Wamagetsi ataima pa tebulo lomwe lija, babu la galimoto ya aneba ake atalikulunga m'kansalu.

Aneba akewo anthu ankawatchula kuti Atambala, chifukwa hutala ya galimoto yawo ndi imene inkadzutsa mzere wonse wa nyumba. Anali ndi kagalimoto koyera kamene kankanyamula anthu omweomwewo tsiku lililonse kusanache: ophika buledi, osesa m'misika, ndi namwino uja, amene mpando wake unali wakutsogolo. Nyumba ziwirizi zinkasiyana ndi mpanda wa maluwa basi. Ana awo anakulira pa bwalo limodzi, ndipo makwerero a nyumba ina ankagona ku nyumba inzake.

Kuyambira nyengo yozizira, Atambala ankangodandaula kuti nyali za galimoto zafooka. Wamagetsi anasintha mababu. Anapukuta magalasi a nyali mpaka mkono kuwawa, anapala dzimbiri pa waya wopita ku chitsulo, anayeza batire, anayeza mafyuzi. Atambala ankapita akuthokoza, pakapita masiku n'kubweranso nkhope ili gwa. Kenako anayamba kupempha mababu amphamvu aja amene amasungunula soketi ndi kuthobwa oyendetsa anzawo. Wamagetsi anakana, ndipo moni wa pa mpanda unayamba kufupika.

Tsono dzulo lake namwino anafika kunyumba akuseka, akuti aneba anakhula katundu wa munthu wa njinga pafupi ndi mlatho, galasi loonera kumbuyo n'kuthyoka. "Munthuyo sanagwe, ababa, anangotukwana," anatero. Koma tiyi wake anamusiya mpaka kuzizira.

N'chifukwa chake Wamagetsi mtima sunali m'malo. M'mawa wonse ankangoyamba ntchito n'kuisiya. Anamasula sitata ya munthu wina, n'kuiwala kumene waika mabawuti. Anasesa pansi posesedwa kale. Atambala atabweretsa galimoto n'kupita kukafuna galasi lina, iye anazula mababu onse awiri, n'kupita nawo pa tebulo.

Pa tebulopo panali bokosi lake lopereka moto, lachitsulo, penti itasupuka m'makona. Linali ndi kotembenuza kamodzi, mita ya muvi, ndi mawaya awiri okhala ndi zopanira, wofiira ndi wakuda. Galimoto imatha kunamiza munthu, pakuti mawaya ake ndi ambiri ndipo amabisala, koma pa tebulo babu limayankha lokha. Anaika muvi pa mavoti khumi ndi awiri. Anapana wakuda pa kamwendo kamodzi ka babu, wofiira pa kamwendo ka dimu, koyatsa kuwala kocheperako, nkhope ataitembenuzira kukhoma. Shopu yonse inayera, mpaka kangaude wa pa denga anaoneka miyendo. Anasamutsira wofiira pa kamwendo ka fulu, ka kuwala kofika patali. Chimodzimodzi. Anagogoda tebulo ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, poti kawaya ka mkati kakaduka nthawi zina kamagundana galimoto ikaima, n'kumalekana m'mabampu. Kuwala sikunaphethire n'komwe.

Anayeza linzake. Anabwerezanso loyamba lija, ngati kuti lisintha maganizo. Akanakonda litakhala lakupsa, chifukwa babu lakupsa umangotaya mu ndowa nkhani n'kutha.

"Odi kuno amisiri!" Anali Atambala, galasi latsopano lili kukhwapa. "Mwawagwira afiti anu aja?"

"Lowani aneba. Afiti ake sakuoneka."

"Sakuoneka bwanji? Inu mumagona mpaka dzuwa kukuwotchani kumapazi, mungadziwe za mdima? Ine ndikuyenda ngati ndanyamula kandulo."

"Bwerani muone nokha. Koma musaligwire ndi zala, mafuta a m'manja amaphulitsa galasi."

"Zimenezo munandiuza ndili ndi tsitsi."

Atambala anakhala pa mpando wakale wa galimoto umene unkagwira ntchito ya benchi. Wamagetsi anapananso mawaya, babu n'kuyaka.

"Ehe! Mwaona?" Atambala analoza ndi chala, maso atatsinzina pang'ono. "Si izi ndimanenazi? Lili ndi utsi mkati. Taonani chinkhungu chalizungulirachi, ngati mwezi wa mvula. Kuwala kukungomwazika, sikukupita kutsogolo."

Wamagetsi anayang'ana babulo chammbali. Galasi lake linali mbee ngati madzi a pa mpopi, kawaya kakuoneka bwinobwino. Panalibe utsi, panalibe nkhungu. Anatembenuka kuti ayankhe, ndipo m'pamene anaona. Kuwala kunali kutagwera pa nkhope ya aneba ake, ndipo pakati pa diso lakumanzere, pamene pamayenera kukhala pakuda bii, panali potuwa ngati dontho la mkaka lagwera m'tiyi. Diso lakumanja nalo linali litayamba.

Anazimitsa bokosi. M'shopu munagwa mdima wa masana, ndipo m'maso mwake munkayandama timadontho tobiriwira. Mawu a kamwana kaja anawamva ngati kaima pomwepo, chibwano pa tebulo.

Anatola pulayazi, n'kuibweza. Anapinda kansalu, n'kukatambasulanso. Akanatha kungoika mababu amphamvu aja, aneba n'kupita akumwetulira, moni wa pa mpanda n'kubwerera mwakale. Koma mawa kusanache mwana wake akhala pa mpando wakutsogolo, ndipo pa mlatho paja anthu a njinga sadzatha. Akanathanso kungouza mwanayo kuti apeze galimoto ina. Ophika buledi akanafunsa chifukwa chake, nkhani ikanayenda, ndipo kagalimoto koyera kakanatsala pa bwalo, nkhuku zikugona pansi pake. Banja la Atambala linkadya kuchokera m'matayala amenewo.

"Mwangoti zii bwanji?" anafunsa Atambala. "Mukuwerengera zondinamiza?"

"Aneba, tatsekani diso lakumanja ndi dzanja."

"Ndabwera ku shopu kapena ku chipatala?"

"Tangotsekani. Mundiuze muvi wa mitawu waloza pati."

"Zachibwana zimenezo. Ine si mwana wa sukulu." Anaimirira, galasi lija n'kugwera pa mpando. "Ngati ntchito yakukanikani nenani, amisiri ndi ambiri m'tauni muno. Ndipatseni mababu anga."

"Tengani. Mupite nawo kulikonse, akayaka chonchi. Mababuwa alibe mlandu."

Atambala anatambasula dzanja kuti atenge kansalu kaja, koma dzanjalo linatera pambali, pa zopanira. Anafufuza ndi zala mpaka kukapeza. Onse awiri anaona, ndipo panalibe amene anaseka. Panja wina ankaliza injini yokana kudzuka, kuiliza, kuisiya, kuilizanso.

Atambala anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Anaika dzanja pa diso lakumanja, n'kuyang'ana kumene kunali bokosi.

"Mita yake sindikuiona n'komwe," anatero chapansipansi. "Ndikungoona chinthu chotuwa."

"Zayamba liti?"

"Ndinkati ndi fumbi la pa galasi. Kenako ndinkati ndi mababu anu." Anapukusa mutu. "Masana ndimaona ndithu, amisiri, musandiyese wakhungu. Koma galimoto ikamabwera kutsogolo ndi nyali, msewu wonse umasanduka phala. Ndimangotsata m'mutu, poti njirayo ndimaidziwa ngati khonde langa."

"Munthu wa njinga uja sanali m'mutu mwanu."

"Ndikudziwa." Atambala anachotsa dzanja pa diso. "Mwana wanu ndinamunyamulapo kumsana ameneyu. Mukuganiza kuti ndagona dzulo? Koma anthu akangomva kuti Atambala maso awo afa, ndani akwerenso? Mayi a kunyumba sindinawauze n'komwe."

Wamagetsi anatembenukira ku bokosi lake. Anakulunga mawaya awiri aja, n'kuwakoleka pa msomali. Za maso sankazidziwa, ndipo sanafune kulonjeza zimene si za ntchito yake. Chimene ankakumbukira n'chakuti namwino ananenapo za anthu a ng'ala amene amabwera ku chipatala atagwiridwa dzanja, ena n'kubwerera akuyenda okha.

"Ine si dokotala," anatero. "Mwina ndi ng'ala, mwina ndi china. Mwana uja akudziwa khomo loyenera kugogoda. Timuuze madzulo ano, inu ndi ine, ndipo mayi a kunyumba kwanu akhalepo."

"Nanga anthu anga mawa? Buledi sadikira maso a munthu."

"Laisensi ndili nayo. Shopu ino ndimatsegula dzuwa litakwera."

Atambala anamuyang'ana, kenako kuseka kunawatuluka mosafuna, kosakanikirana ndi chifuwa. "Inu? Munthu woti hutala yanga imalira mpaka agalu kutopa, inu muli fwii? Mudzagwetsera anthu anga mu ngalande muli m'tulo."

"Ndiye muzidzakhala pambali n'kumandilalatira. Pakamwa panu palibe ng'ala."

"Magiya anga ndi a ulemu, safuna kukankhidwa ngati wilibala."

"Mudzandiphunzitsa."

Anatuluka onse awiri kupita pa galimoto. Wamagetsi anabwezera mababu omwe aja m'malo mwake, akugwira ndi kansalu, Atambala atagwirizira boneti ngakhale kuti inali ndi chogwiriziza chake. Mtima wa Wamagetsi unali usanakhazikike. Sankadziwa kuti adokotala akanena zotani, kapena kuti kudzuka kumeneku adzakupirira mpaka liti. Atatseka boneti anasiya dzanja lake pamenepo.

"Aneba, ndimve pakamwa panu. Kukakhala mdima, chiwongolero simugwira mpaka adokotala atakuonani."

Atambala anatulutsa makiyi m'thumba, anawayang'ana, n'kuwaika pa boneti pafupi ndi dzanja lija.

"Sindigwira. Makiyi azigona kwanu. Koma nanunso mulonjeze: ndikagogoda pa zenera, mudzuka ulendo woyamba, osati kutuma mayi kuti mukusaka nsapato."

"Ndidzuka," anatero Wamagetsi, n'kutola makiyiwo. "Nsapato ndigona nazo kumapazi."