Sokosi ya Kaputeni

Timuyi inali itagonja kasanu ndi kawiri motsatizana, koma ikamakamba za mwambo wake inkamveka ngati ya akatswiri. Mwambo wake wautsiru bwanji! Akagonja ankalowa m'chipinda chovalira, kutchinga chitseko ndi benchi poti loko anathyoka kalekale, kenako aliyense kuvula sokosi imodzi n'kuiponya pamapazi pa munthu amene wagonjetsa timu. Wolandira masokosi ambiri ankakawachapa pampopi wa kuseri, masapota akuonerera. Ukachapa katatu motsatizana, kochi ankakufufuta pamndandanda, ntchito yathera pomwepo. Eni akewo ankati kumeneku ndiye kudzudzulana mwachilungamo.

Goloboyi wa timuyi, amene anzake ankamutchula kuti Chikhatho, anali atachapa kale kawiri. Anali wamkulu kuposa onse, bondo lake lamanzere linkalira akamakwera masitepe, ndipo panalibe timu ina imene ikanamutola. Ana ake atatu ankadya za mpira womwewu. Ntchito ina sankaidziwa.

Tsiku limenelo anagwira mipira isanu ndi inayi yoti ikanalowa, mpaka chala chapakati chinatupa. Chinalowa chigoli chimodzi chokha. Kaputeni analandidwa mpira pakati pa bwalo, n'kuima, manja m'chiuno, kumayang'ana mdani akuthamanga ngati munthu amene basi yamusiya. Bwalo lonse linaona. Ngakhale mayi wogulitsa madzi kuseri kwa golo anatukwana.

M'chipindamo munkanunkha thukuta ndi mafuta otikitira minofu. Pakhoma panali pepala limene kochi analemba ndi dzanja lake kuti MUTU UMODZI SUSENZA DENGA, ndipo denga lenilenilo linkadonthera papepala pomwepo. Kochiyo anaima pakona, maso pafoni.

"Za m'chipinda muno ine sindilowerera, anyamata," anatero. "Ndinu akuluakulu."

Nthawi zonse ankatero. Munthu wamantha uja ankaopa Kaputeni kuposa mmene ankaopera kugonja, chifukwa makochi awiri anali atachoka kale atakangana naye.

Kaputeni anakhala pamalo pake, pansi pa galasi lokhalo la m'chipindamo, tsitsi lake silinasokonekere n'komwe. Anavula sokosi mosafulumira.

"Tisataye nthawi, amuna anzanga. Mpira uja unali wogwirika."

Sokosi inagwa pamapazi pa Chikhatho. Ndiye taonani zinazo zikutsatira: phu! phu! phu! Amuna a ndevu zawo, ena a mabanja awo, kuponya osadzutsa n'komwe mutu. Chikhatho sanadabwe. Iyenso anali ataponya chomwechi zaka zisanu ndi chimodzi, kudikira Kaputeni ayambe kenako kutsatira, n'kumapita kunyumba akuimba mluzu. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anadzinyansa yekha, koma anzakewo anamunyansa kwambiri.

Anatsala munthu mmodzi: mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, wotchinga kumbuyo chakumanzere. Chikhatho ndiye anamubweretsa mutimuyi, kumugoneka pabalaza pake zaka ziwiri, kumupatsa nsapato zake zoyamba. Mulu unali utakwana kale, sokosi ya mlamuyo sikanasintha kanthu. Akanatha kungoigwira m'manja, palibe akanamufunsa. Koma anayang'ana Kaputeni, nayang'ana pansi.

"Pepani alamu," ananong'ona, n'kuponya.

Chikhatho anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Anadzuka, nakoka ndowa ya pansi pa sinki n'kuiika pakati pa chipinda.

"Ndichapa, musadandaule," anatero. "Koma kuchapa kwandiphunzitsa kanthu. Masokosi anuwa ndimawadziwa kuposa mmene amawadziwira akazi anu."

Anatola imodzi. "Iyi yobooka pachidendene ndi ya alamu anga." Anaifinya, madzi akuda anadonthera mundowa. "Mwathamanga alamu. Mtima mulibe, koma miyendo mwagwiritsa ntchito."

Anatola ina, ndi ina, akutchula mwini wake n'kufinya. Ina inadontha kwambiri, ina pang'ono. Pomaliza anatola ya Kaputeni. Anaipotokola, naipotokolanso mpaka chala chotupa chija chinamubaya ndi ululu. Sipanagwe dontho. Anaifikitsa pamphuno.

"Ha! Ikununkhirabe sopo amene ndinachapira ine sabata yatha. Akulu, mwasewera mpira wonse uja, sokosi yanu osadziwa kuti munali pabwalo?"

Wina kuseri anayamba kuseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa.

Kaputeni sanatekeseke. "Wosewera wanzeru sathamanga, aise," anatero akudziyang'ana pagalasi. "Amathamangitsa mpira."

Mitu inagwedezeka kuvomereza. Inagwedezeka ndithu! Anthu omwe mapapo awo anali kupsa chifukwa chothamangira malo a munthu ameneyu anavomereza kuti zoona, wanzeru sathamanga.

"Chabwino," anatero Chikhatho. "Aliyense wa inu watsala ndi sokosi ina kumwendo. Mwaona nokha. Mwamuna ndani muno?"

Anadikira. Kunena zoona, ankayembekezera ndithu. Ikanagwa imodzi yokha pamapazi pa Kaputeni, zinazo zikanatsatira, poti kutsatira ndi ntchito yokhayo imene anthuwa ankaidziwa bwino. Anayang'ana mlamu wake. Mlamuyo anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato imene sanaivale n'komwe. Ena anapeza zochita m'zikwama. Shawa yokhayo yotuluka madzi inkadontha kuseri.

"Mwambo ndi mwambo, mkulu," anatero kochi, akufufuza cholembera m'thumba. "Sindinauyambitse ndine."

Chikhatho anaganiza za kunyumba mwamantha: akamuuza chiyani mkazi wake, ndipo dzina la mlamu wakeyo akalitchula bwanji? Koma kupempha sanapemphe. Kusiyana ndi kugwadira anthu awa, kunali bwino kudya dothi.

Anatsegula chikwama, natulutsa magolovesi ake ndi chidutswa cha sopo. Kumapeto kwa benchi kunakhala goloboyi wachiwiri, bambo wa dazi loyamba kumene, amene anadikira malowa zaka zinayi. Nayenso anali ataponya sokosi yake youma, ndipo tsopano ankalephera kubisa mano.

"Tengani, amwene, nthawi yanu yakwana." Chikhatho anamuponyera magolovesi pamiyendo, koma sopo anamuika m'manja, n'kumufumbatitsa bwinobwino. "Magolovesiwo musawadalire kwambiri. Chida cha goloboyi mutimu ino ndi ichi."

Anakankha benchi la pachitseko, natuluka, kusiya mulu wa masokosi pomwe unali. Sanawachape. Akanamuchotsanso kachiwiri?

Ali pakhonde, chitseko chisanatsekeke, anamva Kaputeni akufunsa mokweza, mwaulesi: "Nanga masokosiwa achapa ndani?"

Anacheuka. Mitu yonse, ndi wa mlamu wake womwe, inali itatembenukira kale kumapeto kwa benchi, kwa munthu amene anagwira sopo.