Mtengo Wodulidwa Pakhosi

Makaniko analakwira mlamu wake Wambande Lachitatu m'mawa, mwezi umene mitengo imaphukira. Anatenga mpeni wodulira matayala nasenda khungwa la mtengo wa mapeyala kuzungulira thunthu lonse, kuti uume wokha iye apeze poimika magalimoto.

Wambande anagwira ntchito yofesa ndi kulumikiza mitengo zaka makumi atatu. Atakalamba anamutaya ngati sanza, nadzakhala m'kachipinda kuseri kwa galaja, pakhomo pa mchemwali wake, mkazi wa makanikoyo. Mtengowo anaulumikiza yekha akadali ndi mano onse. Iye sankakhulupirira munthu, koma mtengo. Asanadule nthambi ankayamba wauuza, pakuti anaona ndi maso ake muzu utakhota kulambalala dzenje lotayamo oyilo, usanalikhudze n'komwe. Chinthu chosadziwa kanthu chingakhote bwanji?

Ataona bala loyera likuchucha, anadziwa kuti masiku ndi ochepa. Ukadula timphukira, n'kutisongola uku ndi uku, n'kutilowetsa pansi pa khungwa kumtunda ndi kumunsi kwa bala ngati timilatho, chakudya chimawoloka, mtengo n'kupulumuka. Koma ntchitoyo imafuna zala zosanjenjemera.

Anali atalowetsa kamphukira kachiwiri pamene makaniko anatulukira, sipanala ili m'manja.

"Alamu, mukusoka chiyani? Wodwala wanuyo mumufunditsenso bulangete."

"Mwaudula pakhosi, alamu. Ukumva ululu mtengowu."

"Ukumva? Ndiye ulire! Iwe mtengo, lira!" Anaumenya ndi sipanala, phi! "Mwamva? Zii. Galimoto ndiye imalira ikadwala, osati thabwa."

"Inunso tsiku lija jeke anakuphwanyani simunalire, munangoti kukamwa yasa. Munali thabwa?"

Makaniko anazula timilatho tija natipondaponda. Wambande sanaganize kawiri. Anamulumphira ndi mpeni wake wolumikizira, namucheka tsaya kuyambira kukhutu mpaka pachibwano. Magazi anangoti chuu pa ovolosi. Makaniko anabangula, namugwetsa chagada, namukhalira pachifuwa. Anamugwira dzanja lamanja, nalitsamiritsa pamuzu, nalitibula ndi sipanala. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu mafupa anati gobede, Wambande nakuwa mpaka agalu a m'makomo ena anayankha.

"Ichi ndiye chikumva," anatero makaniko, akulavula magazi. "Mwaona kusiyana kwake?"

Mchemwali anatuluka m'nyumba akuthamanga, thovu la sopo lili m'mikono.

"Achimwene! Mundiphere mwamuna chifukwa cha mtengo? Pakhomo pomwe mukudya?"

Amene anamuperekeza kuchipatala ndi wa tsaya. Wa dzanja anapita yekha wapansi, atalikulunga ndi malaya.

Wambande anabwerako ndi chikhakha padzanja. Anayesa kusongola ndi lamanzere, kamphukira atakaluma ndi mano otsala, koma kankangong'ambika. Anapempha mchemwali kuti angomugwirira khungwa. Iye anati ali ndi zochapa. Sabata inatha, bala la mtengo linada, m'mphepete mwake munauma gwa. Wambande anakhala patsinde nauuza mtengo zoona zake, kuti walephera.

Chaka chimenecho unabereka kuposa zaka zonse, mpaka nthambi ziwiri zinathyoka. Makaniko ankadya mapeyala ndi supuni atakhala pa boneti, chipsera chikunyezimira.

"Mwaona alamu? Wasangalala. Unkangofuna woukanda."

Wambande ankadziwa kuti mtengo ukazindikira kuti ukufa, mphamvu zonse umazithira mwa ana. Anthu ankadutsa pamsewu akuuyamikira, ena akupempha awiri atatu, ndipo palibe anayang'ana pathunthu. Wambande anatola nthanga zisanu ndi ziwiri nazikwirira m'zitini, koma makaniko anafuna zitinizo, nakhuthula dothi m'ngalande.

Mvula isanabwerenso masamba onse anayoyoka. Makaniko anaugwetsa ndi nkhwangwa, chitsa nachizula ndi tcheni cha lole. Palibe anapepesa. Zala zitatu za Wambande sizinapindikenso. Mchemwali anaphikira nkhunizo miyezi iwiri, ndipo Wambande ankadya chakudyacho ndi dzanja lamanzere.