Mpanda Wophuka Masamba

Mphepo ya mkuntho itadutsa, mpanda wa nsungwi wa Manang Luming unapezeka uli pansi, wonse. Mkati mwake munali dimba la mabiringano ndi therere, lomwe linkawadyetsa chimwalirireni amuna awo. Kunja kwake kunkayenda mbuzi zisanu za Manong Berting, a nyumba yoyandikana nayo, amene sankakhulupirira zomangirira chiweto.

Atatuluka ku Misa ya m'mawa, Manang Luming anapita ku sitolo ya zomangira.

"Mangani wa mabuloko basi, Manang," anatero mwini sitolo. "Umenewo ngakhale zidzukulu zanu zidzaupeza."

"Nanga waya wa minga?"

Atamva mtengo wake m'mapeso, ndalama za kwawoko, anapinda kampango kawo ka ndalama, osamasula n'komwe. "Ndikaganize kaye, mwanawe."

Nsungwi zinalipo zambirimbiri kumtsinje, zaulere. Koma nsungwi yodula nthawi ya mvula afumbwe sachedwa nayo. Imafuna kudulidwa chilimwe, mwezi ukamafa, n'kuviikidwa m'matope milungu ingapo. Mbande zawo sizikanadikira chilimwe. Zinali zitakwana kale kuwokera.

Kuseri kwa tchalitchi anthu anali atangosadza mitengo ya kakawate, ija yoti ukazika nthambi yake pansi imamera. Wosamalira patchalitchipo anati atenge nthambi zonse, ndipo anawanyamulirako mitolo iwiri osapemphedwa. Manang Luming anazika nthambizo mothithikana kuzungulira dimba, n'kuzimanga ndi zotsala za mpanda wakale. Chomwe anagula ndi chingwe chokha. Anathokoza Mulungu, nawokera mbande zawo.

Patatha milungu itatu mpanda unaphuka masamba anthete, obiriwira bwino. Apo m'pamene anakumbukira chimene mwana aliyense m'mudzimo amadziwa: masamba a kakawate ndiwo amene anthu amathyolera mbuzi.

Zinabwera zonse zisanu. Zinkaima ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo zitatsamiritsa pa nthambi zomwe zinali zisanagwire mizu. Manong Berting anaima pakhonde pawo atagwira kapu ya khofi, akuseka.

"Manang, mwamanga mpanda kapena mwatsegulira mbuzi zanga malo odyera?"

"Poti eni ake sazidyetsa, Manong, wina azidyetse."

"Aa, inutu! Ndiye muziika ndi mipando yomwe."

Masana a tsiku lomwelo nthambi zitatu zinagwa. Tonde analowa n'kumaliza mzere wathunthu wa mabiringano. Manang Luming anamutulutsa, nazikanso nthambizo, n'kukhala pa chidebe kuyang'ana mizere yotsalayo. Inali isanu ndi umodzi. Ikapita imeneyi, kumsika sakanakhala ndi choyala mpaka chaka chamawa.

Akanatha kukadandaula ku ofesi ya mudzi, Manong Berting n'kulipitsidwa. Koma Manong Berting yemweyo ndi amene ananyamula nawo bokosi la maliro a amuna awo, mvula ikugwa, ali ndi bondo lotupa. Manang Luming anatulutsa kolona m'thumba, koma sanafike nayo patali.

M'mawa mwake anatenga chikwanje kupita kuseri kwa tchalitchi, kumene zitsa zija zinali zitaphukiranso. Anadula mtolo waukulu wa masamba, nakautula pansi pa mtengo wa mango pabwalo la Manong Berting. Mbuzi zinathamangira kumeneko, koma zitamaliza zinabwereranso kumpanda, ndipo iwo anakhalira kuziingitsa mpaka madzulo. Tsiku lachiwiri anachita chimodzimodzi. Manong Berting anawaona akudutsa atawerama ndi mtolowo, ndipo ulendo uno sanaseke.

Tsiku lachitatu Manang Luming anapeza mbuzi zonse zitamangiriridwa pa mango paja, iliyonse ndi chingwe chake chatsopano.

"Zati zatopa n'kuyendayenda," anatero Manong Berting, maso ali kumbali, "poti chakudya chikumabwera chokha."

"Zaganiza bwino."

"Siyani chikwanjecho, Manang. Mawa ndikadula ndekha."

Mvula isanathe mpanda unagwira mizu, n'kutalika kupitirira munthu. Pousadza, Manang Luming ankaponyera nthambi zake kutsidya, kwa mbuzi. Ndipo Loweruka lililonse, pochokera ku Misa, ankapeza thumba la manyowa a mbuzi litatsamiritsidwa pachipata cha dimba. Za thumbalo sanafunsepo, ndipo Manong Berting sanalitchulepo.