Mzinga wa pa Signal Hill

Ana ndi amene analipira ulendowo, a Hamdani atasiya kusoka ndipo akazi awo, a Sharifah, atapuma pa ntchito ya uzamba ku Ntaja. Anawapezera kachipinda ku Bo-Kaap, dera la mumzinda wina waukulu wa kunja kwa dziko lino, m'munsi mwa phiri la Signal Hill. A Hamdani mzindawu ankaudziwa. Anasokamo zovala kuyambira 2003 mpaka 2015, akazi awo ali kumudzi ndi ana.

Loweruka m'mawa anatsika msewu wa Dorp, bamboyo atawagwira mayiyo pachigongono, chinthu chimene ku Ntaja sanachitepo. Pa mzikiti wa Auwal a Hamdani anaima n'kufotokoza kuti unayamba mu 1794, kuti ndiwo woyamba m'dziko lonselo, ndiponso kuti ambiri mwa oswaliramo anali akapolo. A Sharifah mtima sunali pa akapolo. Mwamuna ameneyu chaka cha ukwati wake chimamusokoneza, nanga zaka za mzikiti anazitola kuti?

Yankho linabwera lokha. Mayi wina wa mpango wobiriwira anafika akutsogolera alendo odzaona malo, n'kunena zomwezo m'Chingerezi, mwandondomeko yomweyo, mpaka kukweza chala pa chaka chomwecho. Mayiyo atawaona a Hamdani, anawasiya alendowo. Anawatchula kuti Boeta Dani, dzina limene a Sharifah anali asanalimvepo. Iyeyo anali Zakiyya, ndipo anawagwira a Sharifah manja onse awiri, akuti mbiri yawo anaimva kalekale.

Ali pomwepo, paphiri panalira mzinga umene umaomba 12 koloko masana. Nkhunda zinauluka, a Sharifah anadzidzimuka n'kugwira khoma. A Hamdani ndi Zakiyya sanagwedezeke. Onse anatembenuza mkono nthawi imodzi, kuyang'ana wotchi, kenaka n'kumwetulirana.

Kuchipinda, a Hamdani ananena kuti ankachita lendi kuseri kwa nyumba ya Zakiyya, ndipo iye pophunzira ntchito yotsogolera alendo ankawerenga mokweza pakhonde, iwo akusoka.

"Amuna ake anali kuti?" anafunsa a Sharifah.

"Anamwalira ine ndisanafike."

"Ndiye mwati ukwati wathu unali chaka chanji, Che Hamdani?"

Anati 1979. Unali mu 1981.

Lamulungu mzinga suomba, ndipo a Sharifah anaswera akulingalira za Zakiyya. Anafunafuna bodza m'mawu a amuna awo, osalipeza. Chinawawawa n'chakuti ngakhale zitakhala zoona, khondelo linalipo, ndipo iwo sanakhalepo.

Lolemba anapempha kuti akwere phiri akauone mzingawo. A Hamdani anayamba kufotokoza kuti unasamutsidwira pamenepo mu 1902, koma akazi awo anawadula, amvekere zaka za eni ake zakwana. Msilikali woomba mzingawo atayamba kuwerenga masekondi otsala, a Sharifah anagwira mkono wa amuna awo, chikhatho chawo n'kuphimba wotchi yonse.

Mzinga unalira. Mkonowo unafuna kutembenuka, iwo anaufinya. A Hamdani anasowa poyang'ana, ndipo anayang'ana akazi awo.